Kumata m'mbali mwa bafa pa fulati yathu ku Rosettenville: momwe ntchito yayendera

Loweruka, 7 Juni

Mayi okhala pansi pathu anagogoda m'mawa ndisanamwe n'komwe tiyi. Ndi mayi wachikulire wa ku Ntcheu, anabwera ku Joni kuno kalekale ife tisanalote zokwera basi. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, tabwerani mudzaone nokha." Nditatsika ndinapeza siling'i ya m'chipinda chawo chosambira ili ndi banga lalikulu ngati lichero, lofiirira m'mbali, penti itatupa pakati. Pamwamba penipeni pa bangalo ndi pamene pali bafa lathu.

Mtima unandiuza nthawi yomweyo kumene vuto lachokera. Mwezi wa Malichi ndinaona mzere wa silikoni (phala la m'chubu lomatira mipata kuti madzi asalowe) wozungulira bafa utada ndi nkhungu, pakona utayamba kumatuka. Ndinagula chubu chimodzi, ndinapukuta ndi chisanza, n'kupaka watsopano pamwamba pa wakale, madzulo anthu atangomaliza kusamba. Poona panali poyera mbee. Koma chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi ankalowabe kuseri miyezi yonseyi, ndipo amene wavutika nazo ndi mayi wa pansiyu, yemwe sanalakwe kanthu. Zandiwawa, ndipo ndawapepesa. Ndawalonjeza kuti ulendo uno ndichita ntchitoyi bwinobwino, ngakhale itenge masabata awiri.

Ambiri a ife tikukhala m'mafulati akale a kuno ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Mayfair, ndipo sitinakule ndi bafa lomangirira kukhoma. Kwathu ku Dedza bafa ndi mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba, mwala pansi, madzi amalowa m'nthaka n'kukathirira nthochi. Kuno pansi pa madzi ako pali mutu wa munthu wina. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba ntchitoyi tsiku ndi tsiku.

Masana ndinayamba ndi kufufuza, chifukwa banga pa siling'i silinena lokha kuti madzi achokera pati. Kutsogolo kwa bafa lathu kuli kachitseko kakang'ono komangidwa ndi masikuluwu anayi. Ndinakatsegula, ndinayala nyuzipepala youma pansi pa bafa, n'kuunikamo ndi tochi ya foni. Ndinatseka chotsekera, ndinathira madzi mpaka theka, ndinadikira mphindi 30: nyuzi youma. Ndinatsegula kuti madzi atuluke, maso ali pa paipi yotulutsa madzi: youma. Kenako mayi akunyumba anatenga jagi n'kumathira pang'onopang'ono kukhoma, kutsata mzere wa silikoni, ine nditagona chafufumimba pansi. Sipanathe mphindi imodzi. Madontho anayamba kutsika ndi khoma la kumipopi, limodzi, lachiwiri, kenako kamzere ndithu, nyuzi n'kuyamba kuda. Choncho mapaipi alibe mlandu, pulambala sakufunika. Ndi mpata wa pakati pa bafa ndi matailosi.

Lamlungu, 8 Juni

Alamu anga anadutsa pochokera kutchalitchi. Iwo ntchito yawo ndi yoika matailosi, akhala akugwira m'nyumba zatsopano za ku Fourways ndi Midrand kwa zaka zambiri. Anagwada, anatsina silikoni wanga wa mu Malichi ndi zala ziwiri, n'kukoka. Anatuluka yense ngati chingwe, kuchokera pakona mpaka pakati pa bafa, osalimba paliponse. Kunsi kwake kunali konyowa ndi koterera.

"Alamu, silikoni sagwira pa mnzake wakale," anatero. "Sagwira pa sopo, sagwira pa mafuta, sagwira ponyowa. Inu munamupatsa zonsezo tsiku limodzi."

Kenako anandionetsa chinthu chimene sindinachiganizirepo. Anavula nsapato, analowa m'bafa, anandiuza kuti ndiyang'anitsitse pamene bafa lakumana ndi matailosi. Atangoima pakati, mpata uja unayasama pang'ono, mwina mamilimita awiri. Atatuluka unabwerera. Bafa lathu si lachitsulo ngati la m'nyumba zakale zenizeni, eni nyumba anasintha n'kuika la pulasitiki, lija amati acrylic, ndipo limatitimira likalemedwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukathira malita 100, kenako munthu wamkulu n'kulowamo, ndi katundu woposa matumba atatu a simenti. Tsiku lililonse mpata umatseguka ndi kutsekeka. Ndiye chifukwa chake pamenepa saikapo simenti kapena grout (phala lodzazira mipata ya pakati pa matailosi), zimenezo zimang'aluka. Pamafunika chinthu chotamuka ngati mphira. Ndipo ukamata bafa lili lopanda kanthu, tsiku loyamba kusamba silikoni amakokeka n'kuyamba kumatuka. Umayenera kumata bafa lili lodzaza madzi, mpata uli pamene umatsegukira kwambiri.

Anagogodanso matailosi a mzere wam'munsi ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Onse akulira molimba, palibe lomveka ngati ng'oma, kutanthauza kuti sanasiyane ndi khoma. Koma grout wa m'mipata itatu pafupi ndi mipopi wang'aluka, ayenera kukonzedwa kaye.

Madzulo ndinatumiza zithunzi kwa eni nyumba pa WhatsApp: banga la pansi, mpata, nkhungu. Avomera kuti ndikonze, ndisunge malisiti, adzachotsera pa lendi ya Julayi. Abale anga a lendi, musamagwire ntchito m'nyumba ya eni popanda uthenga wolembedwa. Lamulo la kuno la nyumba za lendi, Rental Housing Act la mu 1999, limati mwini nyumba ndi wa lendi aziyendera nyumba limodzi polowa ndi potuluka, ndipo zowonongeka zimene wa lendi wachititsa zimatha kuchotsedwa pa dipoziti. Mukasemphana pali Rental Housing Tribunal ya Gauteng, kumene simulipira kanthu podandaula. Koma kumeneko amafuna umboni, ndipo zithunzi zokhala ndi tsiku ndiwo umboni wake.

Lachiwiri, 10 Juni

Poweruka ndinadutsa ku Builders, sitolo ya zipangizo zomangira. Shelefu ya machubu ndi yaitali, ndipo onse amaoneka ofanana: Alcolin, Bostik, Den Braven, Soudal, Sika. Ndinakhalapo nthawi ndikuwerenga kumbuyo kwa chubu chilichonse, chifukwa safunsa anadya phula.

Zimene ndamvetsa ndi izi. Pali acrylic sealant, wotchipa, amene amatsukika ndi madzi akadali wamuwisi ndipo amapenteka. Ameneyo ndi wa ming'alu ya m'mbali mwa zitseko ndi siling'i, osati pamalo pokhala madzi tsiku ndi tsiku, amafota akauma. Silikoni weniweni ali mitundu iwiri. Wina akamauma amanunkha viniga mpaka kuwawa m'maso, chifukwa amatulutsa asidi yemweyo wa mu viniga. Amagwira bwino pa galasi ndi matailosi, koma amadya zitsulo zina, amadetsa miyala ngati marble, ndipo pa pulasitiki sadalirika kwenikweni. Winayo amalembedwa neutral cure, fungo lake ndi lochepa, amauma mochedwerapo koma amagwira pa zinthu zambiri. Ndatenga ameneyu, woyera, wolembedwa kuti ndi wa m'bafa ndipo ali ndi mankhwala oletsa nkhungu, komanso kumbuyo atchula acrylic pa zinthu zimene amagwirapo. Ndinayang'ananso tsiku lothera ntchito. Silikoni wokhalitsa pa shelefu amatha kukana kuuma, n'kukhala phala mpaka kalekale.

Bafa ndi la mamita 1.7 m'litali, masentimita 70 m'lifupi, ndipo lagunda khoma mbali zitatu. Mzere wonse ndi mamita 3.1. Chubu chimodzi chikwana n'kutsalako. Ndagulanso tepi ya pepala ya apenta, chopalira cha pulasitiki, spiriti wofiirira uja, kapaketi ka grout woyera, ndi kachingwe ka siponji kotsekera mipata ikuluikulu. Mfuti yofinyira chubu ndabwereka kwa alamu.

Lachitatu ndi Lachinayi, 11 ndi 12 Juni

Kuchotsa wakale. Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo palibe amene amakuuza zimenezi ukamagula chubu.

Kuyambira Lachitatu m'bafa simusambidwanso. Ndinayamba cha m'ma 6 koloko madzulo, nditayala thaulo lakale m'kati kuti zida zisakande. Kumbali ya matailosi ndinadula ndi lezala, kuigoneka kuti itsate tailosi. Kumbali ya bafa lezala ayi. Pulasitiki ikakandika, mkandowo sufufutika, ndipo ndi momwe litsiro limadzakhala. Kumeneko ndi chopalira cha pulasitiki basi, ndi chikhadabo.

Zigawo zazikulu zinachoka msanga. Ndinapeza mibadwo itatu: wanga wa mu Malichi, kunsi kwake wina wachikasu, ndipo m'kati mwenimweni zotsalira za grout wouma amene wina anakanikizamo kalekale. Chovuta ndi kachikopa kopyapyala kamene kamatsala pa tailosi. Ndi maso sukaona. Umakamva ndi chala: pamene pali poyera chala chimalira tsiii pa tailosi, pamene patsala silikoni chala chimagwira ngati ukusisita mphira ya njinga. Ndinazimitsa getsi n'kugoneka tochi m'mbali, kuwala kukuyenda motsata khoma, ndipo timalo tonse totsala tinaonekera tili mbuu. Ndinkapala, kupukuta ndi chisanza chouma mwamphamvu mpaka kachikopako kakulungike ngati nyenyeswa za labala, kenako kusuntha chikhatho chimodzi. Maola awiri Lachitatu, awiri ndi theka Lachinayi, mawondo ali pa simenti yozizira. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Pakona ya kumipopi, nditachotsa zonse, munatuluka fungo la chinyontho ngati la m'nkhokwe yodontha. Ndinalowetsamo kamtengo nditakulunga tishu, kanatuluka konyowa ndi kakuda. Mpata pamenepo ndi waukulu, ndayeza pafupifupi mamilimita 9, pamene kwina konse ndi 3 kapena 4.

Lachisanu, 13 Juni

Kupha nkhungu. Ndinasungunula Jik m'madzi, ndinatsuka mpata wonse ndi mswachi wakale, zenera lili pululu, magolovesi m'manja. Ndinasiya mphindi khumi, ndinatsukuluza ndi madzi pang'ono, n'kupukuta.

Chimodzi ndichinene mwamphamvu, chifukwa mayi akunyumba anabwera ndi botolo la viniga kuti tiwonjezere mphamvu, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amaganiza choncho. Jik sasakanizidwa ndi viniga, sasakanizidwa ndi mankhwala otsukira chimbudzi, kapena chilichonse chokhala ndi amoniya. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha mapapo, ndipo zipinda zosambira za m'mafulatiwa ndi zazing'ono ngati khola la nkhuku. Chimodzi pa nthawi, ndi kutsukuluza pakati.

Tsopano kudikira kuti paume.

Kusamba tasamukira kukhitchini. Mayi akunyumba amawiritsa ketulo kawiri, kuthira m'beseni lalikulu, kuyala saka pansi, ana awiri kusamba motsatizana chitseko chitatsekedwa kuti kamphepo kasalowe. Wamkuluyo, wobadwira kuno, akudabwa kuti munthu angasambe ndi madzi ochepa chonchi n'kuyera. Mayi ake anamuuza kuti iwo anakula choncho, ndipo madziwo ankachita kukasenza pamutu kuchokera kumjigo. Wamng'ono, wa zaka ziwiri, akusangalala nalo beseni kuposa bafa.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa ndinakolopola grout wong'aluka m'mipata itatu ija, kusakaniza watsopano m'kachitini mpaka kulimba ngati chiponde, kukanikizira ndi chala, n'kupukuta ndi siponji yofinya bwino. Ndinasamala kuti asatsikire mu mpata wa bafa. Mpata umenewo uyenera kukhala wopanda chouma chilichonse.

Kachitseko ka kutsogolo ndakasiya kotsegula, ndaikapo fani kuti mphepo izilowa pansi pa bafa. Mwayi wake, Juni wa ku Johannesburg ndi wouma. Mvula ya kuno imagwa m'chilimwe cha kuno, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo nyengo yozizira kumwamba kumakhala kopanda mtambo, milomo kuchita kung'aluka. Mzindawu uli pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake m'mawa chisanu chimagwa pa udzu ndi pa magalasi a magalimoto. Ine wa ku Dedza kuzizira ndimakudziwa, koma kwa kuno kumabwera ndi kuuma kwake. Zovala zimauma tsiku limodzi. Khoma limene lamwa madzi miyezi itatu silifulumira choncho.

Lamlungu, 15 Juni

Tishu pakona yatulukabe yozizira ndi yonyowa pang'ono. Mayi akunyumba anafunsa, "Bambo, kodi si pouma pamenepa? Ana mawa asambe m'bafa." Ndinawaonetsa tishuyo, sanayankhe, anakatenga chowumitsira tsitsi chawo n'kundipatsa. Ndachiyendetsa pa mphepo yofunda pang'ono, chapatali, mphindi khumi katatu konse. Osayandikiza kwambiri, pulasitiki imapindika ndi kutentha. Usiku tishu inatuluka youma koyamba. Ndasiya fani ikuzungulira mpaka m'mawa.

Lolemba, 16 Juni

Lero ndi tchuthi cha Youth Day, chokumbukira ana a sukulu a ku Soweto amene anaguba mu 1976 kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ambiri n'kuwomberedwa. Misewu ili zii, ndipo ine ndili ndi tsiku lonse.

Sindinayambe m'mawa. Kumbuyo kwa chubu alemba kuti asapakidwe pozizira kuchepera madigiri 5, ndipo m'mawa matailosi anali ngati ayezi. Chubucho ndinachisiya pa zenera la kuchipinda kumene kumawomba dzuwa, chifukwa silikoni wozizira amalimba, amavuta kufinya. Ndinayamba cha m'ma 11 koloko. Tishu youma, kona youma.

Poyamba spiriti. Ndinanyowetsa kansalu koyera, kupukuta tailosi ndi mlomo wa bafa mofulumira, osathira kapena kusiya chithaphwi pa pulasitiki. Thinala ndi asetoni musayerekeze, zimasungunula bafa la mtundu uwu. Spiriti amachotsa mafuta a m'manja ndi sopo wotsalira, ndipo amauma yekha m'mphindi zochepa. Kuchokera pamenepo sindinakhudzenso malowo ndi chala.

Pakona ya mamilimita 9 ndinakanikizamo kachingwe ka siponji kaja, kukalowetsa mpaka katsale mamilimita 5 kuchokera pamwamba. Alamu anandifotokozera kuti ntchito yake ndi iwiri. Kamaletsa silikoni kugwera m'dzenje, komanso kamachititsa kuti agwire mbali ziwiri zokha, tailosi ndi bafa. Akagwiranso kumbuyo satha kutamuka, amang'ambika.

Kenako tepi: mzere umodzi pa matailosi, wina pa bafa, pakati kusiya mpata wa mamilimita 6 kumbali iliyonse kuchokera pakona. Iyi inanditengera mphindi 40, chifukwa mzere wa tepi ndi umene udzakhale mzere wa ntchito yonse. Kumapeto kwa chidutswa chilichonse ndinapinda kakhutu kogwirira pochotsa.

Ndiyeno madzi. Ozizira, osati a mu giza, kuopa nthunzi imene ikananyowetsa khoma lomwe ndaliumitsa masiku atatu. Ndinatsegula mpopi pang'ono, nditamangirira chisanza kukamwa kwake kuti madzi azitsika mwakachetechete osathovokera m'mbali, mpaka anafika kunsi kwa kabowo kotulutsira madzi osefukira. Ndinayang'ana mpata: watseguka, monga momwe unachitira alamu ataimamo.

Kansonga ka chubu ndinakadula mopendeketsa, bowo lake lokwana ngati thupi la pensulo yowonda. Ndinayesa kaye pa katoni mizere itatu kuti dzanja lizolowere. Ndinasiyanso pa katoni pomwepo kachulu kamodzi kokhuthala ngati mzere weniweniwo, ka ntchito ina imene ndinene mawa.

Ndinayambira khoma lalitali, nditagwada kunja kwa bafa, mimba itatsamira mlomo wake, madzi ozizira ali pansi pa zigongono. Kufinya pang'onopang'ono, kuyenda mosaima, kansonga kakukankhira silikoni m'kati mwa mpata, osati kungomugoneka pamwamba. Chovuta ndi pamene chofinyira chafika kumapeto ndipo uyenera kuchisiya kuti ufinyenso: dzanja likaima, pamatsala chotupa. Ndinaphunzira kuchedwetsa dzanja pa nthawi imeneyo osaliimitsa. Pofika kukona ndinadina kachitsulo ka kumbuyo kwa mfuti kuti aleke kutuluka, chifukwa ukaiwala amapitirizabe yekha n'kugwera m'madzi.

Nthawi ndi yochepa. Silikoni amayamba kuchita khungu pakatha mphindi ngati 10, ndipo akatero sakhudzidwanso. Choncho khoma limodzi, kusalaza, kuchotsa tepi, kenako lina. Posalaza alamu anandiletsa malovu, akuti amabweretsa tizilombo pamalo pamene ukufuna kuthamangitsa nkhungu. Ndinaviika chala m'kapu ya madzi okhala ndi dontho limodzi la sopo wotsukira mbale, kuchikutumula, n'kuchikoka ulendo umodzi kuchokera kukona mpaka kukona, ndikukanikiza ndithu. Silikoni wotsala ankaunjikana kutsogolo kwa chala ngati phala pa mthiko, ndinkamupukutira pa tishu n'kupitiriza. Madzi a sopowo asafike pamene simunapake, chifukwa pamenepo sadzagwiranso.

Pochotsa tepi ndi pamene mtima unagunda. Ndinagwira kakhutu, kukoka pang'onopang'ono mopendekera kutali ndi mzere, mayi akunyumba atatambasula pulasitiki kuti tepi yonyowa igweremo. Kumbuyo kwake kunatsala mzere woyera wowongoka ngati wojambula ndi lula. M'mphepete munatsala kamlomo kakang'ono kotukuka pamene panali tepi, ndinakagonetsa ndi chala chonyowa mopepuka, kamodzi kokha.

Makoma awiri aafupi anali osavuta, kupatula kuseri kwa mipopi. Pamenepo mfuti sikwana bwino, chala sichidutsa mowongoka. Ndinagwiritsa ntchito kamtengo ka ayisikilimu. Mzere wa pamenepo ndi wonenepa kuposa kwina ndipo uli ndi kafunde kamodzi. Ndinafuna kubwererapo, koma khungu linali litayamba, ndipo kukhudza panthawi imeneyo ndi kung'amba. Ndausiya. Wadzaza mpata, wagwira mbali zonse ziwiri, ndi zimene madzi amayang'ana.

Kupaka konseko, kuyambira kufinya koyamba mpaka tepi yomaliza, sikunakwane mphindi 30. Masiku asanu ndi anayi okonzekera theka la ola.

Chitseko ndakhoma, kiyi ili m'thumba langa. Bafa lodzaza madzi ndi mwana wa zaka ziwiri m'nyumba imodzi si zinthu zochitira chibwana. Mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo samveka kulira. Mwayi wathu chimbudzi chili m'kachipinda kakekake. Amene chimbudzi chanu chili momwemo, konzani kuti wamkulu aziperekeza mwana nthawi iliyonse, kapena anawo akagone kwa achibale masiku amenewo.

Lachiwiri, 17 Juni

Silikoni sauma ngati matope, kuti madzi achokemo. Amalimba pokoka chinyezi cha mumpweya, kuyambira kunja kulowa m'kati, mamilimita awiri kapena atatu pa tsiku kukakhala kofunda. Kuzizira ndi kuuma kwa Juni kumene kunandithandiza sabata yatha, tsopano kukundichedwetsa. Madzi a m'bafamo akuthandizako kupereka chinyezi.

Poweruka sindinakhudze mzere. Ndinatenga kachulu ka pa katoni kaja, kamene kagona m'chipinda momwemo, n'kukadula pakati ndi lezala. Kunja mphira, m'kati phala. Maola 24 amene ambiri amanena sanakwane.

Lachitatu, 18 Juni

Ndadulanso. Patsala kadontho kofewa pakatikati. Tsiku lina limodzi. Mayi a pansi ndinakumana nawo pa masitepe, anafunsa za ana kuti akusamba bwanji m'kuzizira kuno, n'kunena kuti azibwera kudzasamba kwawo. Ndinathokoza. Anthu amene siling'i yawo tinaiwononga ndi amene akutiitanira madzi otentha.

Lachinayi, 19 Juni

Kachulu kalimba mpaka m'kati. Madzi sitinawataye. Tinatunga ndi ndowa: ena ochapira, ena okolopera, otsala tadzaza zigubu zothirira m'chimbudzi. Madzi a mumzinda uno amachokera kutali, ku damu la Vaal, ndipo ena mwa iwo amachita kutsika kuchokera ku mapiri a Lesotho. Amene wakhala kuno amadziwanso kuti mpopi umatha kuuma osatsanzika, choncho malita oposa 100 si otsegulira chotsekera n'kumayang'ana.

Bafa litapepuka linakwera pang'ono, ndipo mzere unangofinyika osachita makwinya. Ndinayalanso nyuzi youma pansi, ndinagona chafufumimba ndi tochi, mayi akunyumba ndi jagi. Anathira khoma lalitali, makona onse, kuseri kwa mipopi katatu. Kenako anatsegula shawa ya m'manja n'kulunjikitsa pakona yoipa ija mphindi ziwiri zathunthu. Ndinadikira kotala la ola. Nyuzi youma, khoma louma.

Ana asamba m'bafa usiku uno. Chubu chotsala ndachitseka ndi sikuluwu kukamwa n'kukulunga tepi. Malisiti ndi zithunzi zapita kwa eni nyumba.

Loweruka, 5 Julayi

Patha masabata awiri ndi masiku awiri tikusambamo anthu anayi. Ndatsegula kachitseko, pansi pali fumbi lokha. Ndayendetsa chikhadabo m'mphepete mwa mzere wonse, palibe pomatuka, ngakhale pa kafunde ka kuseri kwa mipopi. Pamenepo pokha madzi amakonda kutsalira, choncho tapachika kansalu pa msomali kuti womaliza kusamba azipukuta, ndipo zenera lizikhala lotsegula mpaka nthunzi ithe. Mankhwala a nkhungu a mu silikoni amatha mphamvu m'kupita kwa zaka, sopo wotsalira ndiye chakudya cha nkhungu.

Ndinatsika kwa mayi a pansi ndi makwerero. Tsiku limene ndinamata ndinazunguliza banga lawo ndi pensulo, ndipo silinadutse mzerewo. Pakati pauma, penti yotupa ija ikuyoyoka ukaikhudza, koma m'mphepete mukadali kozizira pang'ono pa chikhatho. Konkire imachedwa kutulutsa madzi. Alamu akuti tidikire mpaka kumapeto kwa mwezi, kenako tipale, tipake penti yotsekera banga kuti lisatulukirenso, n'kumaliza ndi yoyera. Eni nyumba avomera kugula penti, manja ndi anga ndi a alamu. Mayiwo apempha kuti tisabwere Loweruka loyamba la Ogasiti chifukwa ali ndi msonkhano wa amayi kutchalitchi, choncho tagwirizana Loweruka lotsatira, 8 koloko m'mawa.